Mwana wa malungo aakulu akafika usiku: ntchito ya namwino m'maola 24 oyamba

Kuyambira Januwale mpaka Epulo wodi ya ana m'zipatala zathu za m'maboma imadzaza mpaka ana awiri, nthawi zina atatu, pabedi limodzi. Ana amene ali kayakaya amakonda kufika usiku. Masana mayi amakhala akuyesa panado, dzuwa likapendeka n'kuyamba kusaka kabaza, pofika pageti la chipatala ndi cha m'ma 10 koloko, nthawi imene m'wodi mwatsala anamwino awiri kapena mmodzi, kulabu kuli munthu mmodzi, kiliniko ofisa akuthamanga pakati pa mawodi anayi. Zimene zili pansipa ndalembera makamaka inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mwaikidwa pa naiti m'wodi ya ana nyengo ya mvula ino. Masamu onse ndawachitira pa mwana wa makilogalamu 12, wa zaka ngati ziwiri, chifukwa ndi msinkhu umene mudzakumana nawo kwambiri. Tchati cha milingo chimene chili pakhoma la wodi yanu ndi zimene walemba wopereka mankhwala ndi zimene muzitsata; cholinga changa n'chakuti mudziwe chifukwa chake manambalawo ali choncho, ndi malo amene anthu timaphonyera.

Artesunate amapha tizirombo ta malungo, ndipo amapha msanga. Koma mwana amene wamwalira usiku woyamba nthawi zambiri sanamwalire chifukwa choti jakisoni sanagwire ntchito. Shuga anatsika osaonedwa, kapena anakomoka nthawi yaitali, kapena magazi anachedwa, kapena dripi inathamanga n'kudzaza mapapo, kapena anatsamwa ndi phala. Zonsezi zili m'manja mwa namwino, osati mwa mankhwala a malungo.

Pakhomo pomwe

Musayambe ndi kabuku ka kuchipatala. Yambani ndi mwana. Uzani mayi amutsitse kumbuyo ndipo amuvundukule, chifukwa mwana wokutidwa zitenje zitatu simungaone mmene akupumira. Ndondomeko ya ETAT, yozindikira ndi kuthandiza msanga ana amene ali kayakaya, imene inakulira ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuno kwathu pansi pa Prof. Elizabeth Molyneux isanatengedwe ndi WHO mu 2005, imati muone njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, chikomokere, kukomoka ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zonsezo zisapitirire mphindi imodzi. Gwirani dzanja: ngati ndi lozizira, dinani chikhadabo masekondi 5 n'kusiya, muwerenge nthawi imene kufiira kukubwerera. Kupitirira masekondi atatu, pamodzi ndi mtsempha wogunda mothamanga koma mofooka, ndiye kuti magazi sakuyenda bwino. Tembenuzani chikhatho muchiyerekeze ndi cha mayi. Chikhatho cha mbuu, chimene ngakhale mizere yake yayera, chimanena zambiri kuposa kutsegula chikope pansi pa babu lofooka.

Mvetserani kapumidwe. Anthu ambiri amasaka kupuma kothamanga, 50 pamphindi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndipo n'zoona. Koma pa malungo aakulu choopsa kwambiri ndi kupuma kozama, ngati munthu amene wangotula mtolo wa nkhuni, pamene chifuwa mukachimvera chili choyera. Kumeneko ndi kuchuluka kwa asidi m'magazi, ndipo kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Mwana wotero musamusiye pabenchi kuti mukatenge fayilo.

Kenako sikelo. Mankhwala onse amene mupereke usiku umenewu adalira nambala imodziyi, ndiye kuyerekeza ndi maso kuli ngati kumanga nyumba pamchenga wa kudambo. Mwana amene sangaime, mayi akwere naye pasikelo, kenako akwere yekha, muchotsere. Sikelo ikakhala yakufa, tengani zaka zake, onjezani 4, chulukitsani kawiri: wa zaka ziwiri ndi makilogalamu 12. Njira imeneyi imapitiriza pa mwana wonyentchera, choncho yang'ananinso kulemera komaliza kumene kunalembedwa kusikelo ya ana m'kabuku kake, ndipo mulembe pafayilo kuti nambalayo ndi yongoyerekeza, kuti a m'mawa amuyeze.

Shuga asanayezedwe, palibe chimene chayamba

Mwana aliyense amene wakomoka, amene sakudzuka, kapena amene wangoti lende osatha kukhala tsonga kapena kuyamwa, yezani shuga nthawi yomweyo, pa dontho lomwelo limene mukutengera mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu. Tizirombo timadya shuga, mwanayo wakhala tsiku lonse osadya, chiwindi chake chaching'ono chilibe nkhokwe yokwanira. Shuga wotsika alibe chizindikiro chakechake chimene mungachisiyanitse ndi malungo a m'ubongo. Mwana wa shuga 1.8 ndi mwana wa malungo a m'ubongo amaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti woyambayo mutha kumudzutsa m'mphindi zisanu.

Yang'anani kuti makina anu akuwerenga mu chiyani. Ena amapereka mmol/L, ena mg/dl, ndipo m'wodi imodzi mutha kupezeka onse awiri, opatsidwa ndi mabungwe osiyana. Kusintha kwake ndi kugawa ndi 18. Makina akalemba 45, si shuga wokwera, ndi 2.5 mmol/L, mwanayo ali pangozi. Pa mwana wa malungo aakulu, pansi pa 3 mmol/L, imene ndi 54 mg/dl, perekani shuga. Makina akalemba LO, kutanthauza kuti shuga watsikitsitsa, musabwereze kuyeza, perekani. Timapepala toyezera tikatha, zimene zimachitika, mwana amene sakudzuka mumutenge ngati shuga wake watsika.

Mlingo ndi 5 ml ya dextrose 10% pa kilogalamu, ndiye kwa mwana wathu uja ndi 60 ml, kudzera mumtsempha, mosathamanga. Kawirikawiri m'kabati mumakhala dextrose 50% yokha. Imeneyi musaibaye momwe ilili. Ndi yokhuthala ngati uchi, imawotcha mtsempha waung'ono, ndipo ikatulukira pansi pa khungu imasiya bala limene limatenga masabata. Sungunulani gawo limodzi la 50% ndi magawo anayi a madzi a jakisoni. Mu sirinji ya 20 ml ndiye 4 ml ya dextrose ndi 16 ml ya madzi. Kwa mwana wa makilogalamu 12 muchita katatu. Mtsempha ukavuta, musadikire: supuni yaing'ono ya shuga wa patebulo, wonyowetsa ndi timadontho ta madzi, muike pansi pa lilime mwana atagona cham'mbali, n'kumabwereza pakapita mphindi 10 mpaka 20 pamene mukusakabe mtsempha. Akameza shugayo sagwira msanga, ndiye akhale pansi pa lilime ndithu.

Pamene ambiri timagwera ndi apa: tapereka, mwana watsegula maso, mayi wamwetulira, ife tapita kwa wodwala wina. Shuga wa jakisoni sakhalitsa. Yezaninso pakatha mphindi 30, ndipo mwanayo akhale ndi chomupatsa shuga mosalekeza, kaya dripi yokhala ndi dextrose, kaya mkaka wodzera m'chubu. Amene sakudzuka muzimuyeza maola atatu kapena anayi alionse, komanso nthawi iliyonse imene wakomokanso kapena wasintha mwadzidzidzi.

Kukomoka

Funsani mayi kuti kwayamba liti ndipo wakomoka kangati. Mugonekeni cham'mbali, muchotse supuni kapena chala chimene agogo alowetsa m'kamwa, mumupatse okosijeni. Kukomoka kukapitirira mphindi zisanu, kapena ngati wafika akukomoka kale kuchokera kunyumba, perekani diazepam. Njira yachangu kwambiri popanda kanyula ndi ya kumatako: 0.5 mg pa kilogalamu, kutanthauza 0.1 ml pa kilogalamu kuchokera mu kabotolo ka 10 mg mu 2 ml. Mwana wathu alandira 1.2 ml. Kokerani mu sirinji yaing'ono, chotsani singano, lowetsani sirinjiyo masentimita 4 kapena 5, kankhani, kenako mupanikize matako kwa mphindi zingapo. Mukangosiya, mankhwala amabwerera pachitenje, inu n'kumadabwa kuti bwanji sakugwira. Ngati kanyula ilipo kale, mlingo ndi theka lake, 0.05 ml pa kilogalamu, pang'onopang'ono. Diazepam wa pantchafu kapena pathako ngati jakisoni wamba ndi kutaya mankhwala, amalowa mochedwa ndiponso mosadalirika.

Dikirani mphindi 10 pawotchi, osati za m'mutu. Mphindi ziwiri za mwana amene akuphiriphitha zimaoneka ngati ola, ndipo namwino wamantha amabwereza msanga. Mlingo wachiwiri ndi womaliza, ndipo muwerengere umene anapatsidwa kuchipatala chaching'ono asanatumizidwe, umene umalembedwa pakalata kapena m'kabuku. Wachitatu utha kuimitsa kupuma. Zikakanika, kotsatira ndi phenobarbitone 15 mpaka 20 mg pa kilogalamu, kapena paraldehyde 0.2 ml pa kilogalamu pantchafu kumene akupezeka. Paraldehyde amadya pulasitiki, choncho mukoke n'kubaya nthawi yomweyo, osati kumusiya mu sirinji pathireyi. Ambu bag, thumba lopopera mpweya m'mapapo, yokhala ndi masiki ya msinkhu wa mwanayo ikhale pabedi musanapereke chilichonse mwa zimenezi. Khanda losakwana masabata awiri silipatsidwa diazepam, limayambira pa phenobarbitone.

Kulinso kukomoka kosaonekera, kumene kumadutsa anthu ambiri. Thupi lili zii, koma maso apendekera mbali imodzi kapena akunjenjemera, kachala kamodzi kapena ngodya ya mlomo ikugwedera, malovu akutuluka, kapumidwe kakudukizadukiza. Muunikeni ndi tochi, mumuyang'ane mphindi yathunthu.

Artesunate

Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, amene anachitika pa ana a m'mayiko angapo a mu Africa, anapeza kuti pa ana olandira artesunate imfa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kwinini. N'chifukwa chake kwinini wa m'dripi, ndi mavuto ake otsitsa shuga ndi kuwerenga madontho maola anayi, anasiyidwa kukhala wapambuyo. Koma artesunate ali ndi kasungunulidwe kake, ndipo kakalakwika mwana amalandira mlingo wosakwana popanda wina kudziwa.

M'kabokosi muli kabotolo ka ufa ka 60 mg ndi ka sodium bicarbonate ka 1 ml. Yambani ndi bicarbonate yenseyo, mumuthire mu ufa. Madziwo ayamba aoneka ngati mkaka. Khutchumulani mpaka ayere mbee, zimene zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo musiye singano pachivindikiro pang'ono kuti mpweya umene ukupangika utuluke. Phuma limapweteka apa: mukathira saline ufa usanasungunuke, mankhwala ena amatsalira m'mbali mwa botolo. Akakana kuyera, tayani, tengani kena. Akayera, onjezani 5 ml ya normal saline kapena dextrose 5%, zikhale 6 ml, ndiye kuti mu 1 ml muli 10 mg. Ngati mukubaya pantchafu, onjezani 2 ml yokha, zikhale 3 ml, mu 1 ml muli 20 mg. Madzi a jakisoni sagwiritsidwa ntchito posungunula artesunate, ngakhale ali pafupi chotani.

Mlingo uli pawiri, ndipo ambiri amene anaphunzira kale amakumbukira umodzi. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg pa kilogalamu; kuyambira 20 kupita m'mwamba ndi 2.4 mg. WHO inasintha zimenezi mu 2015 zitaoneka kuti matupi a ana aang'ono amachotsa mankhwalawa msanga. Mwana wathu ndiye 36 mg, 3.6 ml ya mumtsempha, imene matchati ambiri amaikweza kufika 4 ml. Pantchafu ndi 2 ml. Wa makilogalamu 26 akufunika 62 mg, ndiye mabotolo awiri, ndipo musanyengedwe kuti limodzi likwanira. Kankhani pang'onopang'ono, 3 kapena 4 ml pamphindi, molunjika mu kanyula mutaitsuka ndi saline, n'kutsukanso pomaliza. Musathire m'botolo la dripi. Zotsala mu kabotolo zimatha mphamvu pakadutsa ola limodzi, ndiye kusungira jakisoni wa m'mawa n'kupatsa mwana madzi. Ana awiri akafika nthawi imodzi mutha kugawa botolo, koma aliyense ndi sirinji yake. Kanyula ikakukanani kawiri, bayani pantchafu kutsogolo mlingo woyamba, mtsempha muusake pambuyo pake.

Tsopano nthawi. Jakisoni woyamba ndi ola 0, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pakatha 24, kenako kamodzi patsiku ngati mwana sakutha kumwa. Mwana amene walandira woyamba 10 koloko usiku, wachiwiri ndi 10 koloko m'mawa, wachitatu 10 koloko usiku wotsatira. Chimene chimasokoneza ndi chizolowezi cha wodi chogawa mankhwala m'mawa ndi madzulo: wina amangolemba kuti kawiri patsiku, wachiwiri n'kuperekedwa 6 koloko m'mawa kapena kuiwalika mpaka madzulo. Lembani maola enieni atatuwo pafayilo ndi dzanja lanu pamene mukupereka woyamba, muwauzenso mayi. Mayi amene wauzidwa kuti "jakisoni wina ndi 10 koloko m'mawa, ikakwana mudzatikumbutse" saiwala.

Atatuwo amalizidwe ngakhale mwana atadzuka n'kuyamba kulirira Fanta. Pambuyo pake, maola 8 mpaka 12 kuchokera pa jakisoni womaliza, ayambe LA, ndipo amwe yense, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Wa makilogalamu 5 mpaka 14 ndi piritsi limodzi nthawi iliyonse, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu. Amwere ndi mkaka wa m'mawere kapena phala lotendera nsinjiro, chifukwa lumefantrine, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, amalowa bwino ndi mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30, abwereze.

Chinanso: mRDT ikaonetsa mizere iwiri sizitanthauza kuti malungo ndi okhawo. Imatha kuonetsabe masabata angapo malungo atachira, ndipo mwana wa meninjaitisi amathanso kukhala ndi tizirombo m'magazi. Mwana amene sakudzuka amayenera kulandiranso ceftriaxone kapena maantibayotiki ena amene wodi yanu imagwiritsa ntchito, mpaka madzi a pamsana atayezedwa. Ngati sanalembedwe, funsani. Safunsa anadya phula.

Madzi: apa m'pamene dzanja liyenera kuuma

Kale tinkaphunzitsidwa kuti mwana wa manja ozizira athiridwe madzi mothamanga. Kafukufuku wa FEAST, wa mu 2011 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anasonyeza kuti ana otentha thupi amene anathiridwa madzi mothamanga anamwalira ambiri kuposa amene anangopatsidwa madzi a mlingo wa tsiku. Ambiri mwa anawo anali ndi malungo ndi kuchepa magazi. Choncho pokhapokha mwana atataya madzi ndi kutsegula m'mimba kwenikweni, kapena wopereka mankhwala atatsimikiza kuti zizindikiro zonse za shoko, za magazi osayenda bwino zija, zilipo, dripi iyende pa mlingo wa tsiku basi.

Masamu ake: 100 ml pa kilogalamu pa makilogalamu 10 oyamba, 50 ml pa kilogalamu pa 10 otsatira. Mwana wathu ndi 1,100 ml pa maola 24, pafupifupi 46 ml pa ola. Ngati muli ndi burette, seti ya dripi yokhala ndi kabotolo koyezera madzi, imene imatulutsa madontho 60 pa 1 ml, nambala ya ml pa ola ndi yomweyo ya madontho pamphindi, 46. Muthire madzi a maola awiri okha mu burette n'kutseka pamwamba, kuti ngakhale zitavuta mwana asalandire oposa amenewo. Ngati muli ndi seti ya akuluakulu ya madontho 20, gawani ndi 3: madontho 15 pamphindi, dontho limodzi masekondi anayi alionse. Werengani papaketi ya setiyo, chifukwa zina ndi za 15.

Seti ya akuluakulu pa botolo la lita imodzi, pa mwana wa makilogalamu 12, ndi msampha. Mwana akapinda dzanja dripi imaima, wina n'kutsegula kagudumu kuti iyende. Akatambasula, botolo lonse limatha pa ola limodzi. Matani pulasitala m'mbali mwa botolo kuchokera pamwamba mpaka pansi, mulembe mizere ya pamene madzi ayenera kufika 12 koloko, 2 koloko, 4 koloko. Mukamadutsa ndi tochi mungoyang'ana mzere. Muwauzenso owadikirira momveka bwino kuti kagudumuko sikogwira. Ena amatsegula poganiza kuti dripi ikatha msanga mwana achira msanga, ena amatseka kuti apite naye panja. Sachita mwa mwano, sanauzidwe. Zikope zotupa, kupuma kumene kwayamba kuthamanga, chifuwa chimene chayamba kulira kunsi, chiwindi chimene chatsika: tsekani dripi, itanani thandizo.

Kanyula yachikasu, 24, kapena yabuluu, 22, ndi imene imalowa pa msinkhu umenewu. Kuseri kwa chikhatho kukakanika, pitani kutsogolo kwa kakolo cha mkati, pali mtsempha umene umakhalapo ngakhale sukuoneka. Mangirani dzanja pa kachidutswa ka katoni kokulunga thonje, nsonga za zala zizioneka, ndipo pamene kanyula yalowera pasakwiriridwe ndi pulasitala mpaka osaona kutupa.

Magazi

Tumizani magazi a Hb kapena PCV, miyeso ya kuchuluka kwa magazi, pamodzi ndi a gulu nthawi imodzi, pobaya koyamba, musadikire zotsatira kuti mukabayenso. Hb ya 4 g/dl kapena pansi pake, PCV 12, ndi kuika magazi mosakambirana. Yopitirira pamenepo pang'ono koma mwana akupuma mozama, sakudzuka, kapena mtima ukulephera, nayenso akufunika magazi. Mlingo ndi 20 ml pa kilogalamu ngati ndi magazi athunthu, 10 ml ngati ndi okhuthala ochotsedwa madzi, kwa maola atatu kapena anayi. Mwana wathu ndi 240 ml, 60 ml pa ola, madontho 20 pamphindi pa seti ya 20. Wonyentchera kwambiri kapena wotupikana amalandira theka lake, mochedwa, ndi frusemide, mankhwala okodzetsa. Ameneyo musamuyendetsere masamu a ana ena.

Thumba likakhala la munthu wamkulu, la 450 ml, mwana sayenera kulandira lonse. Lembani mzere pathumba kapena pemphani a kulabu akugawireni. Onani dzina, nambala, gulu ndi tsiku lothera muli awiri, pabedi pomwepo, ndipo dzinalo mufunse mayi alitchule yekha. Pabedi la ana atatu, m'wodi imene muli a Chisomo anayi, kulakwitsa n'kosavuta. Magazi ayambe pasanathe mphindi 30 chichokereni mufiriji ndipo athe pasanathe maola anayi. Musawaviike m'madzi otentha kuti afunde, maselo amaphulika. Seti ikhale ya magazi, yokhala ndi sefa. Mzere umene munali Ringer's lactate utsukidwe ndi saline kaye chifukwa calcium wake amaundanitsa magazi. Mphindi 15 zoyamba khalani pomwepo, muyeze kutentha, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe musanayambe ndi pambuyo pake. Kunjenjemera, zidzolo, kulira kwachilendo, mkodzo wofiira: imitsani, siyani saline, itanani. Ndipo pamene magazi akuyenda pa kanyula imodzi yokhayo, dextrose waima kwa maola anayi. Shuga amagwa nthawi imeneyi.

"Wayamba kugona bwino"

Mawu amenewa, akachokera kwa mayi cha m'ma 2 koloko usiku, musawalandire muli padesiki. Mwana amene amalira ndi kuvutavuta ndiyeno wangoti chete atha kukhala kuti wapeza bwino, athanso kukhala kuti walowa m'chikomokere. Pitani mukamudzutse.

Muyeso wake ndi Blantyre Coma Score, imene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anaikonza ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980 ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito padziko lonse. Maso: ngati akutsatira nkhope ya mayi ake ikamasuntha, 1, ngati ayi, 0. Mawu: kulira kwenikweni kapena kulankhula, 2, kubuula kapena kulira kwachilendo, 1, zii, 0. Thupi: tikitani fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala zanu, akabweretsa dzanja kudzakuchotsani, 2. Ngati sanatero, dinani chikhadabo ndi pensulo yogoneka. Akathawitsa dzanja, 1. Ngati palibe, kapena angowongoka thupi lonse gwa, 0. Zonse pamodzi ndi 5. Kuyambira 2 kutsika ndi chikomokere chenicheni. Muyeze shuga atakonzedwa ndiponso patapita mphindi 30 chikomokereni, apo ayi mupeza nambala yonama. Polemba, musangoti 3. Lembani magawo atatuwo padera, kuti wobwera pambuyo panu adziwe chimene chasintha. Kutsika ndi 1 kokha n'chifukwa chokwanira choyezera shuga, kusaka kukomoka kobisika, kuonanso chikhatho, ndi kuitana kiliniko ofisa. Mboni za maso zosiyana kukula kapena kapumidwe kodumphadumpha ndi chizindikiro chakuti ubongo watupa.

Mwana wosadzuka agone cham'mbali, mutu wa bedi utakwera pang'ono, ndipo atembenuzidwe maola awiri alionse. Mayi aphunzitsidwe kutembenuzako, adzachita bwino kuposa inu amene muli ndi ana 60. Chimene muyenera kunena mobwerezabwereza, kwa mayi, kwa agogo, ndi kwa azakhali amene afike m'mawa ndi fulasiki, n'chakuti pakamwa pasalowe kanthu: phala, tiyi, thobwa, ngakhale mankhwala achikuda. Kwa iwo mwana amene sanadye masiku awiri akufa ndi njala, ndiye mawu oti "musamudyetse" okha sakwanira. Auzeni kuti, "Mayi, panopa sangathe kumeza, phala lipita kumapapo. Chakudya tikumupatsira m'dripimu, ndipo mawa tiika kachubu." Chubu cha m'mphuno, saizi 8 kapena 10, muyeze kuchokera pamphuno kufika pakhutu mpaka pachifuwa pamene nthiti zathera, muike chizindikiro, ndipo nthawi iliyonse musanathire mkaka mutsimikize kuti chili m'mimba pokoka zam'mimbazo. Za mankhwala achikuda funsani mofatsa, ngati mmene mungafunsire za panado. Mukakalipa, yankho lidzakhala lakuti sanamwe kanthu, ndipo mudzataya mfundo imene ikanafotokoza shuga wotsika kapena mimba yotupa.

Okosijeni ndi wa mwana aliyense amene mpweya wa m'magazi mwake uli pansi pa 90%, komanso amene akupuma movutika kapena magazi achepa kwambiri pamene akudikira thumba: lita imodzi kapena awiri pamphindi pa timachubu ta m'mphuno. Pukutani mamina, chifukwa mphuno yotseka siilandira kanthu. Konsentireta, makina a okosijeni, isagunde khoma, sefa yake yakumbuyo ikhale yochapa, ndipo dziwani kumene kuli silinda ndi sipanala yake magetsi asanazime. Kutentha kukafika 38.5, paracetamol 15 mg pa kilogalamu maola 6 alionse. Wa madzi wa 120 mg mu 5 ml ndiye 7.5 ml kwa mwana wathu. Mumuvule, mumupukute ndi madzi ofunda, osati ozizira. Funsani za mkodzo pa ulendo uliwonse: wakodza kangati, wamtundu wanji. Wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndiye kuti maselo a magazi akusweka, Hb iyezedwenso. Thewera louma usiku wonse, gwirani chikhodzodzo. Ngati chili chopanda kanthu, impso zikufuna kuonedwa.

Lipoti la m'mawa la mwana wotere liperekedwe pabedi, osati mu ofesi. Wolandira amve kulemera kwake ndi ngati kunayezedwa pasikelo, ola la jakisoni wotsatira, shuga womaliza ndi nthawi yake, diazepam waperekedwa kangati, Blantyre ili pa zingati ndipo inali pa zingati pofika, madzi alowa angati, magazi atha kapena akudikiridwa. Mwana akadzatuluka, mayi auzidwe kuti abwere naye pakatha sabata imodzi kapena ziwiri adzayezedwe magazi, chifukwa ena Hb imatsikanso pakati pa tsiku la 7 ndi la 21 atalandira artesunate, ndiponso kuti amene anali m'chikomokere aonedwe ngati akuona, akumva, akuyenda ndi kulankhula monga kale. Tsiku lobwerera mulilembe m'kabuku, patsamba limene mayi angalipeze.